Kansalu ka Nandolo Wofiira

Kumpoto kwa Mangalande
2 Okutobala, 2000

Wokondedwa mlongo wanga Maria,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iweyo, alamu a Thom ndi kamwana kako Jacqueline. Amayi uwauze kuti mwana wawo ndili moyo, ndanenepanso, ngakhale kuzizira kwa kuno kuli ngati kwa pamwamba pa phiri la Zomba mu Juni, kungoti kuno sikutha chaka chonse.

Ndakhala chete nthawi yaitali, ndikudziwa. Ntchito inachuluka. Tsopano ndatha chaka ndi miyezi itatu pa famu ya a Benard, ndipo maso anga atseguka. Maria, ife kwathu sitilima, timangosewera ndi dothi. A Benard ali ndi ng'ombe mazana awiri ndi nkhosa zoti sungathe kuziwerenga, koma antchito tilipo awiri basi. Munda wawo ukaima uku suona kothera, ndipo monsemo muli mbewu imodzi yokha, mizere yowongoka ngati ya m'kope. Ndikakumbukira munda wathu wa kumunsi kwa phiri ndimachita manyazi. Phando limodzi muli chimanga, nandolo ndi maungu, pambali chinangwa, uko kalongonda akukwera chilichonse chimene wachipeza. Umenewo ndi munda kapena msika wa ku Chikanda?

Chaka chino tisinthe. Malume anatisiya, mwini mbumba ndine tsopano, ndiye mawu angawa asapite pachabe. M'munda mukhale chimanga chokhachokha. Nandolo, maungu, khobwe, chinangwa ndi kalongonda zimangolanda chakudya cha chimanga. Za feteleza musadandaule, ndalama yake nditumiza nthawi yothira isanafike. Mudzaona nokha nkhokwe ikuchepa.

Kunena za nandolo, dzulo ndikufunafuna masokosi ndinapeza kansalu kaja amayi anandiponyera m'sutikesi pa depoti tsiku limene ndinkanyamuka. Muli nandolo wawo wofiira uja. Ukukumbukira zimene ananena? Ati, "Udzabwere nako wekha." Ndinaseka ndekha m'chipinda. Akanandigwira nako pa bwalo la ndege ndikanawauza chiyani azungu? Ndakabwezera pomwepo, pansi pa sutikesi.

Undilembere nkhani zonse. Kodi a Safina oyandikana nafe aja akugulitsabe tomato ku Chikanda?

Ndine mchimwene wako,
Japhet


Zomba
14 Disembala, 2000

Achimwene,

Moni. Tili bwino, kupatula amayi amene angotuluka kumene m'chipatala, malungo anawagwetsa sabata yathunthu. Jacqueline akukula. A Safina akugulitsabe tomato. Moni wathera pomwepa, chifukwa zimene ndili nazo sizindilola kuzungulira.

Kalata yanu ya pa 2 Okutobala yafika pa 5 Disembala. Mukudziwa kuti makalata athu amadzera ku koleji ya ku Chirunga kumene alamu anu amasesa m'mahositelo. Inagona m'kabati mwa munthu amene anapita ku tchuthi ndi kiyi. Ife mvula yobzalira inagwa pa 18 Novembala, ndipo tinabzala monga timabzalira zaka zonse. Mmene kalatayo imafika n'kuti zonse zitamera bwinobwino, nandolo ali ndi masamba, chinangwa chitaphukira.

Ine ndinali kuchipatala kudikirira amayi. Alamu anu anatsegula kalata, anaiwerenga kawiri, maso awo n'kugwera pa mawu oti mwini mbumba. Paja safunsa anadya phula. Loweruka m'mawa anatenga khasu ulendo wa kumunda, n'kuzula zonse. Nandolo, maungu, khobwe, kalongonda, chinangwa. Anaziunjika m'mphepete mwa munda, dzuwa n'kumaliza ntchito yotsalayo. Munthu amene akapalira mizere itatu amadandaula msana, tsiku limenelo anamaliza munda wonse dzuwa lisanapendeke.

Nditafika ndinangokhala pansi pa mzere. Munda uli mbee, waukhondo ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera alendo. Mwasangalala?

Tsono mvetserani bwino, poti zikuoneka kuti kuzizira kwakuiwalitsani. Nandolo wofiira uja si wogula kumsika. Ndi amene agogo anabwera naye kuchokera ku Mozambiki atamumangirira m'chiuno, ndipo chaka chilichonse amayi amasunga mbewu yake m'chigubu cha phulusa. Chaka chino anankafumbwe anatiwonongera yambiri, ndiye yotsalayo tinabzala yonse osasiyako ndi njere imodzi yomwe. Yonseyo ndi imene yauma m'mphepete mwa munda. Amayi nditawauza sanalire. Anangofunsa kuti, "Kodi Japhet kumene aliko amadya mizere yowongoka?" Kuyambira tsiku limenelo alamu anu akawapatsa moni, iwo amayang'ana nkhuku.

Ndalama ya feteleza ija sitinaione. Chimanga chafika m'mawondo. Poti mwatilanda zina zonse, tumizani msanga chimene chimabereketsa chotsalachi.

Ndine mlongo wanu,
Maria


Chirunga, Zomba
15 Disembala, 2000

Alamu olemekezeka,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani bwino ku dziko la azunguko. Ndalemba mobisa nthawi yopuma masana, chonde nkhani ya kalatayi ithere pakati pa ife amuna awiri.

Ndikudziwa kuti mayi a Jacqueline akutumizirani kalata yamoto. Alamu, inu ndi munthu woyenda, weruzani nokha. Ine pakhomo paja ndine mkamwini. Munda si wanga, ndi wa mbumba yanu. Mwini mbumba akalankhula, mkamwini ndi ndani kuti ayankhe? Ndikanasiya, akanati Thom wanyoza alamu ake. Ndachita, akuti Thom wapha mbewu ya agogo. Nanga ndikanalowera kuti?

Koma munda wakongola, alamu. Munthu wina wa njinga anachita kuima pamsewu n'kunena kuti munda uwu ndi wachitsanzo. Zimenezi mayi a Jacqueline sangakulembereni. Masiku ano ndiwo zanga zikubwera zopanda mchere, koma ndikupirira chifukwa cha chitukuko.

Pomaliza, mwanena kuti antchito mulipo awiri okha. Ngati a Benard angafune wachitatu, muwauze kuti kuno kuli munthu amene amamva kamodzi, ndipo amamaliza munda wonse tsiku limodzi. Kuzizira sindikuopa, ndinakulira ku Dedza.

Ine wanu womvera,
Thom


Kumpoto kwa Mangalande
21 Januwale, 2001

Maria,

Makalata onse awiri ndalandira, yako ndi ya alamu. Pepa za kudwala kwa amayi, ndathokoza Mulungu kuti achira.

Ine sindinanene kuti muzule zomera kale. Ndinkaganiza kuti kalata ikupezani musanabzale. Kuno kalata ukaiponya lero, mawa yafika. Koma zachitika zachitika, ndipo mwina alamu atithandiza kuyamba msanga. Usawazunze, uwabwezere mchere. Za nandolo usakulitse nkhani. Nandolo ndi nandolo, mudzagula wina ku Songani.

Ndalama ya feteleza ndapatsira a Shafik, bambo a ku Zakazaka amene amagwira ntchito m'tauni yapafupi ndi kuno. Akubwera kumeneko kumapeto kwa mwezi uno, ndipo alonjeza kuti akangotsika basi adzafikira kwanu.

Ndaona kuti ukuopa njala, ndiye ndikuuze mmene anzathu amachitira. Miyezi yapitayi kuno kunagwa chimvula choopsa. Madzi analowa m'shedi ya a Benard n'kuwononga udzu wouma umene amasungira ng'ombe. Ine ndinagwira m'mutu. A Benard anangoimba foni. Kunabwera bambo wa tayi, anajambula zithunzi, anamwa tiyi ndi mayi Kate, akazi a bwana, ndipo patangopita masabata angapo cheke chinafika. Amati inshuwalansi. Mlimi weniweni sabzala maungu poopa njala, amalembetsa inshuwalansi n'kumagona tulo. Upite m'tauni ukafunse mmene mungalembetsere munda wathu. Usachite manyazi, uvale bwino basi.

Moni kwa amayi. Uwauze asakwiye, chaka chino adya mpaka atope.

Japhet


Zomba
9 Malichi, 2001

Achimwene,

Moni kumeneko. Zikomo pondidziwitsa kuti alamu anu amakulemberani makalata obisa. Nkhani imeneyo takambirana kale kuno, ndipo tsopano akudziwa kuti ku Dedza anakhalako miyezi iwiri yokha ali khanda.

A Shafik anu anatsikadi basi, koma anayamba apita ku Mangochi kukaona apongozi awo. Anatipeza pakati pa Febuluwale, chimanga chitamasula kale. Feteleza tinagulabe, tinathira, poti mwini mbumba analamula. Madzulo a tsiku lomwelo mvula inayamba, ndipo inagwa masabata atatu osaona dzuwa. Madzi amatsika m'phirimu ngati wina watsegula mpopi. Feteleza yense anatsetsereka kupita ku Likangala, ndikhulupirira nsomba za ku Chilwa chaka chino zinenepa. Chimanga chaima m'madzi, chachita chikasu, zisononkho zake ngati chala changa. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Za inshuwalansi ndinapita, musadzati sindinamvere. Ndinavala chitenje changa cha ku tchalitchi, ndinayenda wapansi mpaka m'tauni, ndinapeza ofesi yake. Mtsikana wa pa desiki anandilandira bwino.

"Mayi, galimoto yake ndi yamtundu wanji?"

"Si galimoto mwanawe, ndi chimanga."

"Chili mu galimoto?"

"Chili m'munda, kumunsi kwa phiri."

Anapita kukaitana bwana wake, ndipo bwanayo anabwera ndi mnzake kuti adzamve nawo. Sanaseke ndili pomwepo, ndiwayamikire pamenepo. Anandifotokozera mwaulemu kuti iwo ali ndi ya galimoto, ya nyumba ikapsa, ndi ya maliro. Ndinawauza kuti mmene zinthu zikuyenderamu, ya maliroyo ndi imene itifunike. Ndinabwerera mvula ikundimenya, chitenje cha ku tchalitchi chili matope okhaokha.

Achimwene, ndikuuzeni inshuwalansi yathu poti kusukulu ya a Benard sanakuphunzitseni. Mvula ikachuluka chimanga chimafa, koma chinangwa cha kumtunda chimatsala. Ikachepa, nandolo ndi kalongonda amapirira. Mwezi wa Febuluwale nkhokwe ikakhala mbee, maungu ndi amene amagoneka ana. Agogo sanali opusa pobzala zonse pamodzi. Analibe bambo wa tayi wobwera kudzamwa tiyi, ndiye bambo wa tayiyo anamubzala m'munda. Ameneyo ndi amene alamu anu anamuzula Loweruka lija. Munda wa a Safina wamenyedwa ndi mvula yomweyi, chimanga chawo chafanso ngati chathu, koma ana awo akudya maungu. Dzana anatibweretsera awiri ndi nkhwani, ine manyazi mpaka m'mafupa.

Amayi sakukhazikika. Apita ku Songani, apita ku Thondwe, Lachitatu lapitali anakwera matola mpaka ku Jali, kufunafuna nandolo wawo. Wofiira amapezeka ndithu, koma amayi akaluma njere imodzi amalavula, ati si ameneyu. Inu mwati nandolo ndi nandolo. Bwerani mudzawauze nokha, ine pakamwa pangapa sipangathe.

Maria


Kumpoto kwa Mangalande
8 Epulo, 2001

Maria,

Kalata yako yandipeza ndili pamavuto, ndiye undikhululukire ndikapanda kuyankha zonse. Kuno kwagwa matenda a ziweto, a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ng'ombe za a Benard sizinadwale ngakhale imodzi, koma za famu yoyandikana nafe zinapezeka nawo, ndiye lamulo likuti zonse za pafupi ziphedwe.

Anabwera anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayamba m'mawa, pofika madzulo m'khola munali zii. Ng'ombe mazana awiri, Maria, ndi nkhosa zonse, ndi tiana tomwe tangobadwa kumene. Ng'ombe ina yakuda ndinkaikama ine ndekha, ikandiona imabwera yokha. Anaziunjika ndi thirakitala, anathira mafuta, n'kuyatsa. Moto wakhala ukuyaka masiku anayi. Fungo lake lalowa m'zovala, lalowa m'bulangeti, sinditha kudya nyama.

A Benard, bambo wamkulu wa imvi, anakhala pa khomo la khola n'kumalira ngati mwana. Ng'ombe zimenezi anayamba kuweta ndi agogo awo. Ndinakumbukira zimene unalemba za amayi ndi nandolo, ndipo sindinapeze tulo bwino.

Komabe uone kusiyana kwake. Asanaziphe, kunabwera munthu woyerekeza mtengo wa chiweto chilichonse, ndipo boma lilipira zonse. A Benard sagona ndi njala. Panopa ndikutsuka makola ndi mankhwala, ntchito ilipo. Sitikuloledwa kuyendayenda, ndiye ndalama sinditha kutumiza mwezi uno. Pirirani pang'ono.

Japhet


Zomba
24 Juni, 2001

Achimwene,

Pepani za ziweto. A Benard muwapepesenso m'malo mwathu, kulira kwa mbewu ya makolo ife tikukudziwa. Koma ndikuuzeni zoona, kalata yanu ndinawerengera amayi ndi a Safina tili pa mkeka, ndipo pofika pa moto wa masiku anayi paja a Safina anandilanda kalatayo kuti aone okha ngati sindikunama. Ng'ombe zosadwala mazana awiri, kuotcha! Osafutsako ngakhale mwendo umodzi? Amayi anati dziko limenelo lili ndi misala ya anthu okhuta.

Ife takolola. Sindikuuzani kuchuluka kwake, mungoti nkhokwe imene munati ichepa ija tikumasungiramo nkhuku. Chimangachi chikatifikitsa mu Seputembala ndiye kuti Mulungu wachita chozizwitsa. Zaka zonse miyezi ino timakhala tikuyang'ana nandolo akuchita maluwa, podziwa kuti mu Ogasiti tidya makata, wina tigulitsa kwa amwenye, ndipo makaka a chinangwa atiolotsa mpaka mvula. Chaka chino m'munda muli mapesi okha, mbuzi za anthu zikungoyendamo ngati pa msewu.

Alamu anu tsopano Loweruka lililonse amakwera phiri m'mawa kukasenza matabwa kwa ocheka. Amatsika nawo pamutu kuchokera pamwamba mpaka m'tauni, khosi lafupika. Sadandaulanso msana. Ine ndikumagula mabulosi ndi mapichesi kwa anthu a m'phiri n'kumagulitsa kwa alendo m'mphepete mwa msewu wokwera, ndipo akakhala palibe ndimatsika nazo ku Chikanda kwa ana a sukulu, amene amalawa zambiri kuposa zimene amagula. Amayi aonda. Sikuti ndi njala yokha ayi. Chigubu cha phulusa chija anachitsuka n'kuchivundikira pa alumali, ndipo Jacqueline akachikhudza amamukalipira.

Tsono ndili ndi funso limodzi, ndipo muliyankhe mosazungulira monga mumachitira. Mwati munthu anabwera kudzayerekeza mtengo wa ng'ombe iliyonse ndi nkhosa iliyonse. Nanga inu amene munkazikama anakuyerekezani mtengo wanji? Makola mukamaliza kutsuka, mudzakama chiyani?

Sindikupempha ndalama. Ndikupempha yankho.

Maria


Zomba
2 Seputembala, 2001

Achimwene,

Miyezi iwiri yadutsa, kuli zii. Alamu anu akumapita kwa munthu wa kabati uja tsiku lililonse mpaka ayamba kudana. Ngati ndinakulankhulani mopweteka, mundikhululukire, koma musatilange ndi kukhala chete. Amayi akumafunsa ngati matenda a ng'ombe aja amagwiranso anthu. Ndikuwauza kuti ayi, koma inenso sindikudziwa. Chimanga chatha Lachinayi. Lembani ngakhale mizere iwiri, yokhota yomwe tilandira.

Maria


Kum'mawa kwa Mangalande
14 Okutobala, 2001

Mlongo wanga Maria,

Ndili moyo. Matendawo sagwira anthu, amayi uwauze. Makalata ako awiri mayi Kate anachita kunditumizira kuno kumene ndili tsopano, chifukwa pa famu paja ndinachoka mu Julayi. Ndinkachita manyazi kulemba.

Funso lako ndiyankha mosazungulira. Ine sanandiyerekeze mtengo uliwonse. Makola titamaliza kutsuka, a Benard anandiitana m'khitchini. Anati cheke cha boma chafika, koma mtima woweta ulibenso, akufuna akonze makolawo akhale nyumba zogona alendo. Anandithokoza kwambiri, anandigwira chanza ndi manja awiri, anandipatsa jekete lawo labwino ndithu. Sabata yotsatira iwo ndi mayi Kate anapita kukapuma ku dziko lotentha kuti aiwale. Sindikuwada, ndi anthu abwino. Koma ine m'mabuku a boma mulibe dzina langa. Ukudziwa kuti ndinalowa kuno ngati mlendo wa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye ndikanakadandaula kwa yani? Ng'ombe yakuda ija inali ndi nambala pa khutu ndi pepala lake. Ine ndinalibe.

Panopa ndikudula kabichi m'minda ya kuno. Amatitenga pa galimoto m'mawa, tsiku lina ntchito ilipo, tsiku lina palibe. Tikugona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Ndinabzala mbewu imodzi, Maria, ndipo inali a Benard. Kubwera panopa sindingathe. Ndikatuluka sadzandilolanso kulowa, ndipo ndibwera ndi chiyani, jekete?

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa a Shafik, ndawachonderera kuti ulendo uno apongozi awo adikire. Koma chenicheni chili mu envelopu muno. Posamuka ndinakhuthula sutikesi, kansalu ka amayi kaja n'kugwera pansi. Ndinakamasula koyamba chichokereni kwathu. Nandolo uja alimo, wofiira, fungo la phulusa la kunyumba likadalimo. Zaka ziwiri zapita, kaya amera kaya samera, iwe ndi amayi mukudziwa kuposa ine. Sindikuuzani kabzalidwe kake. Mawu a mwini mbumba aja ndabweza, ndipo alamu musawasungire mlandu, khasu linali lawo koma dzanja linali langa.

Uwauze amayi kuti ndapepesa.

Ndine mchimwene wako,
Japhet


Zomba
18 Disembala, 2001

Achimwene,

Moni. Tili moyo tonse, ndipo chaka chino mawu amenewa si moni wamba. Chimanga kumsika chakwera moti anthu akulimbirana madeya. Ife tikudya kamodzi, madzulo. A Shafik anafikadi molunjika, zikomo, zatithandiza. Za ntchito yanu ndamva, ndipo ndalira. Ndinkafuna kuti mudziwe kuti ndinkanena zoona, koma sindinkafuna kuti mudziwire njira imeneyi.

Kalata yanu inafika pa 20 Novembala, envelopu itang'ambika pakona. Alamu anu anabwera nayo kuchokera ku Chirunga ataigwira ndi manja awiri, osaitsegula. Akuti makalata a mwini mbumba anasiya kuwerenga.

Ndinawerengera amayi kalata yonse, kenako ndinawapatsa kansalu. Ndinkayembekeza kuti alulutira. Anakazindikira asanakamasule n'komwe. Anakamasula pa miyendo pawo, anathira njere m'dzanja, zinalipo khumi ndi zinayi. Zitatu zinali zobooka. Anatenga imodzi mwa zobookazo, anailuma, ndipo sanalavule. Kenako nkhope inasintha.

"Wabwera nako ndani?"

"Positi, amayi."

"Positi ndi mwana wanga? Ine ndinati adzabwere nako yekha."

Analowa m'nyumba ndi kansaluko, ndipo masiku awiri sanatchule za kubzala, mvula ikugwa, nthaka ili bwino. Achimwene, ndinatsala pang'ono kupenga. Chaka chonse takhala tikulira mbewu imeneyi, amayi atha misika yonse ya Zomba, lero yabwera yokha pakhomo ndiye akuikwiyira! Ndinawauza kuti mwapepesa, ndinawauza za mapepala anu, ndinawauza kuti ndege si matola. Anangoti, "Munthu akabweza chimene unamupatsa kuti chimukokere kwawo, ndiye kuti watsanzika."

Tsiku lachitatu ndinawapeza kuseri kwa nyumba ndi kakhasu kawo. Kumunda anakana, ati kumeneko kumafika makalata. Anabzala njere zisanu ndi zitatu, iliyonse phando lakelake. Zamera zisanu. Alamu anu anapita okha kukadula nsungwi n'kumanga mpanda wautali kuposa Jacqueline, woti ngakhale nkhuku singalowe. Kumunda nako abwezeretsa zonse. Mitengo ya chinangwa anachita kukapempha kwa a Safina n'kuisenza pamutu kudutsa nayo pakati pa Chikanda, ana a sukulu amene amawasesera akuwaona. Dzulo m'mawa anapereka moni, amayi n'kuyankha kuti, "Ndadzuka, kaya inu bambo." Alamu anu anachita kutembenuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli munthu wina.

Mitengo isanu ya nandolo siitidyetsa chaka chino, zimenezo tikudziwa tonse. Febuluwale akubwera ndipo ndikuchita naye mantha. Koma mbewu ya agogo ili moyo kuseri kwa nyumba, ndipo chigubu chija amayi achitsitsa pa alumali.

Ngati mwawerengera bwino, mwaona kuti njere zabwino zatsala zitatu. N'zimene zatupitsa envelopuyi. Amayi azimanganso m'kansalu komweko, mfundo yake yomwe ija. Ndakangana nawo mpaka mawu anandithera. Chaka cha njala ngati chino, njere zitatu zamoyo, kuzitumiza ku dziko limene amaotcha ng'ombe! Sanandimvere, ndipo aima pano kudikira kuti aone ndikumata envelopu.

Akuti musadzakatumizenso pa positi. Akuti mukudziwa kale mmene kayenera kubwerera.

Ndine mlongo wanu,
Maria